Anthu sakubwera ku misonkhano ya VAP, tichitenji?

Mlangizi wa zachitukuko, Dedza:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Tili mkati mokonza ma VAP (ndondomeko za chitukuko zimene mudzi umadzilembera), koma ku misonkhano kukubwera a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), a gulupu ndi achikulire owerengeka basi. Amayi ndi achinyamata kulibiretu. Ndondomeko yolembedwa ndi anthu ochepa chonchi ndipita nayo bwanji ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu) n'kumati ndi zofuna za mudzi?

Mlangizi wa zaulimi, Ntchisi:
Achimwene, mukuitanitsa nthawi yanji? Mwezi uno anthu ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, ena ali ku ganyu kusaka chakudya cha tsikulo. M'mawa simungawapeze. Yesani 2 koloko masana, ndipo lisakhale tsiku la msika.

Mlangizi wa zachitukuko, Dedza:
Nthawi ndinasintha kale. Tsopano ena akufunsa ngati kuli alawansi.

Mlangizi wa zachitukuko, Machinga:
Za alawansi musayambe n'komwe bambo, mukapereka kamodzi mudzavutitsa aliyense wobwera pambuyo panu. Koma ine ndikuona kuti vuto lagona pena. Anthu amenewa anakhalapo kale pansi pa mtengo, natchula mjigo, mlatho, chipinda chophunzirira. Mapepala anapita ku ADC, kenako ku khonsolo, ndipo palibe amene anabwerera kudzawauza kuti zinatha bwanji. Ndiye mayi asiye munda wake kuti adzatchulenso mjigo womwewo?

Kuno timayamba ndi kuwerenga poyera VAP yakale. Ichi chinalowa mu ndondomeko ya khonsolo, ichi chinapeza ndalama za CDF (thumba la chitukuko la dera la phungu), ichi chinakanika ndipo chifukwa chake ndi chakuti. Yankho lowawa anthu amalilandira, chimene chimawakwiyitsa ndi kukhala chete kwathu. Muitanenso khansala adzayankhe yekha. Zikamveka kuti khansala akubwera kudzafotokoza za mjigo uja, bwalo limadzaza.

Mlangizi wa zaumoyo (HSA), Mchinji:
Zoona amayi. Ndiwonjezere za uthenga. Mukangosiyira mfumu, umathera kwa anthu oyandikana nayo. Perekani chilengezo ku matchalitchi Lamlungu, ku mzikiti Lachisanu, ndi kwa aphunzitsi aakulu kuti ana akanene kunyumba. Amayi mumawapeza ambiri tsiku la sikelo ndi pa banki mkhonde. Akabwera muwapatule pagulu lawo, achinyamatanso pawokha, chifukwa pamaso pa mfumu ndi apongozi ambiri salankhula, ndipo amene sanalankhule ulendo wina sabweranso.

Mlangizi wa zachitukuko, Dedza:
Zikomo nonse. Mawa ndikafunsa VAP yakale kwa mlembi wa ADC, ndikaonanenso ndi khansala. Amayi a ku Machinga, munganditumizireko mmene mumalembera lipoti la VAP yakaleyo?

Mlangizi wa zachitukuko, Machinga:
Ndikutumizirani madzulo ano. Likhale la tsamba limodzi, m'Chichewa, ndipo awerenge ndi wapampando wa VDC, osati inuyo.