Funso: Philippe Auguste wa ku France, ndiyambire pati?

Wofunsa:
Akuluakulu, thandizeni. Ndikufuna kulemba masamba awiri okha za ulamuliro wa Philippe II (Philippe Auguste), amene analamulira France kuyambira 1180 mpaka 1223. Kodi ndiyambe ndi nkhondo ya ku Bouvines?

Woyankha woyamba:
Ayi achimwene, Bouvines ikhale kumapeto. Yambirani mu 1202. John, mfumu ya England, anali ndi madera aakulu ku France, ndipo pa maderawo anali pansi pa Philippe. Atakwatira Isabelle wa ku Angoulême, mtsikana amene anali atatomeredwa kale kubanja la Lusignan, abanjalo anakadandaula kwa Philippe. John anaitanidwa kubwalo la milandu koma sanapite, bwalo n'kugamula kuti alandidwe madera. Nkhondo inadza kudzakwaniritsa chigamulocho: linga la Château Gaillard linagwa mu Malichi 1204, mzinda wa Rouen unagonja mu Juni, dera la John la Normandy n'kupita kwa Philippe.

Ku Bouvines, pa 27 Julayi 1214, Philippe anagonjetsa Otto IV, mfumu ya ku Germany, ndi Ferrand wa ku Flanders, anzake a John. Mwiniwake John kunalibe, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya.

Woyankha wachiwiri:
Zoona, koma musakomedwe ndi nkhondo. Chimene chinakhalitsa ndi kayendetsedwe ka boma. Lamulo la Philippe la mu 1190, asananyamuke kupita kunkhondo ya mtanda ku mzinda wa Acre, linati nduna zake zotchedwa bailli ziziweruza milandu mwezi uliwonse, zizikanena ku Paris katatu pachaka. Udindowu sunali wachibadwa ngati wa eni madera, motero wosokoneza ankatha kuchotsedwa. Lembaninso za ku Fréteval mu 1194, kumene Richard, mfumu ya England nthawi imeneyo, anamulanda zikalata za ufumu zimene ankayenda nazo. Atalumidwa chomwecho, anayamba kusunga zikalata malo amodzi ku Paris. Za mpanda wa mzindawo ndi linga la Louvre zimene anamanga, mzere umodzi wakwana.

Woyankha wachitatu:
Zoipa zake musabise. Anathamangitsa Ayuda mu 1182 atawalanda chuma, n'kuwalolanso kubwerera mu 1198 pofuna misonkho. Mkazi wake Ingeborg wa ku Denmark anamukana kutangocha, atakwatirana dzulo lake mu 1193, mpaka Papa Innocent III anaimitsa mapemphero m'matchalitchi a ufumuwo mu 1200.

Chenjeraninso pofufuza pa intaneti. Kuli Philip II wina wa ku Spain wa m'zaka za m'ma 1500, ndipo wothetsa gulu la asilikali achikhristu la Templar ndi Philippe IV. Muzilemba "Philippe Auguste".

Wofunsa:
Zikomo nonse. Ndiye tsamba loyamba John ndi Normandy, lachiwiri a bailli ndi zikalata?

Woyankha wachiwiri:
Eya, koma a bailli muwapatse malo okulirapo.