Nsima ya mgaiwa ikukwezabe shuga wa mwana wanga: kodi ndikulakwitsa pati?

Mayi wa ku Chinamwali

Moni nonse. Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 anapezeka ndi matenda a shuga a mtundu woyamba miyezi isanu yapitayo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo amabayidwa insulini yosakaniza kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo asanadye. Titangotuluka m'chipatala, abale ndi anansi anandilangiza kuti ndisiye ufa woyera n'kuyamba mgaiwa, ndipo banja lonse linasintha kuti mwanayo asamaoneke wosalidwa pa mphasa. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti akadya mitanda iwiri ya nsima ya mgaiwayo masana, pakatha maola awiri makina oyezera shuga amaonetsa 14 kapena 15 (pa muyezo wa mmol/L), pamene tsiku lina atadya mbatata yophika ndi nyemba anaonetsa 9 yokha. Phala la m'mawa, ngakhale sindithiramo shuga, ndilo limakweza kuposa zonse. Agogo ake nawonso akuumirira kuti thobwa lilibe vuto chifukwa kutsekemera kwake n'kwa chimera, si kwa shuga wogula. Kodi zakudya zokhutitsazi zimasiyana bwanji m'thupi, ndipo ndikulakwitsa pati?

Bambo wa ku Domasi

Mayi, musadziimbe mlandu, pakuti ambirife tinadutsa momwemo. Ine ndakhala ndikudzibaya insulini kwa zaka 19, ndipo zaka zoyambirira ndinkadya mgaiwa ngati mankhwala, mpaka kuwonjezera mtanda wachitatu poganiza kuti ndikudzithandiza. Mgaiwa uli ndi ubwino wake, chifukwa gaga ndi kamtima ka chimanga zimatsalamo, koma mbali yaikulu ya ufawo ndi sitachi yomweyo imene ili mu ufa woyera, ndipo sitachi ikafika m'matumbo imasanduka shuga. Chimene chinasintha zinthu kwa ine si mtundu wa ufa, koma kukula kwa mtanda ndi zimene zili pambali pake.

Ndinasankha chipande chimodzi chokhacho chomwe mayi a kunyumba amaomolera nsima yanga, kuti mtanda wa lero ufanane ndi wa mawa. Kenako ndinatembenuza mbale: ndiwo zambiri, nsima yochepa. Nsima yomweyo ndikadyera nyemba kapena nandolo, nkhwani wotendera ndi matemba a ku Chilwa, shuga amakwera pang'onopang'ono. Ndikadyera msuzi wa tomato wokha, amathamanga. Mpunga ndiwo umandinyenga kwambiri, ndipo kwathu kuno tili pafupi ndi sikimu, choncho susowa. Sukhutitsa msanga ngati nsima, ndiye munthu umadzaza mbale osazindikira. Ndinaonanso kuti tsiku limene ndapalasa njinga kupita ku Songani ndi kubwerera, chakudya chomwecho chimapereka nambala yotsikirapo kusiyana ndi tsiku limene ndangokhala pakhonde. Gulani kope laling'ono, muzilemba chakudya, kuchuluka kwake, nthawi ya jakisoni ndi nambala ya asanadye ndi ya maola awiri atadya. Timapepala toyezera n'tokwera mtengo, ndikudziwa, koma mungasankhe chakudya chimodzi pa tsiku n'kumachilondola kwa masiku angapo.

Namwino wopuma, Matawale

Bambo a ku Domasi anena zoona, ndipo ine ndingowonjezera chifukwa chake. Mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa ku sikelo, gulu la zokhutitsa ndilo limapereka shuga wambiri m'magazi, ngakhale zipatso, mkaka ndi za nyemba zimaperekanso. Kwa munthu wopanda matendawa, kapamba amatulutsa insulini yofanana ndi shuga amene akulowa, nthawi yomweyo. Mwana wanuyo kapamba wake anasiya ntchito imeneyi, ndiye insulini ya m'jakisoni imayenda pa liwiro lake mosayang'ana zimene zili m'mbale. Nkhani yonse yagona pa kufananitsa maliwiro awiriwa.

M'chaka cha 1981, David Jenkins ndi anzake a pa yunivesite ya Toronto anayambitsa njira yoyerekezera zakudya poona mmene chilichonse chimakwezera shuga, gulukosi weniweni (mtundu wa shuga umene umayenda m'magazi) atapatsidwa 100. Chakudya cha 70 kupita m'mwamba chimatengedwa kuti n'chokweza msanga, cha 55 kutsika m'munsi n'chokweza pang'onopang'ono. Buledi woyera ndi mbatatesi yophika zili kumtunda, pamene nyemba, khobwe ndi mtedza zili kumunsi kwenikweni. Ofufuza a ku Bunda atayesa nsima yathu pa njira imeneyi, anapeza kuti ya mgaiwa ili m'gulu lokweza msanga, ndipo ya ufa wa mphale yoviika inali yotsikirapo, zimene zinadabwitsa anthu ambiri. Sindikunena kuti mutaye mgaiwa, popeza uli ndi michere imene imapita ndi madeya pokonola, koma musaudalire ngati chishango.

Liwiro limadalira zinthu zingapo. Chimanga chikagayidwa n'kukhala ufa wosalala, kenako n'kuphikidwa mpaka kupsa bwino, matumbo satayanso nthawi pochiphwanya; n'chifukwa chake chimanga chowiritsa kapena chootcha chimachedwerapo kusiyana ndi nsima ya chimanga chomwecho. Phala ndilo limapambana chifukwa ndi lamadzimadzi, silikhalitsa m'mimba, ndipo kawirikawiri limamwedwa lokha popanda ndiwo. Onjezerani apo kuti m'mamawa thupi limatulutsa timadzi timene timachititsa insulini kugwira ntchito mofooka, makamaka mwa ana amene akutha msinkhu ngati wanuyu, ndiye nambala ya pambuyo pa phala isakudabwitseni. Kuthiramo nsinjiro, kuchepetsa kapu, ndi kumupatsa dzira lowiritsa pambali kumathandiza, chifukwa mafuta ndi zakudya zomanga thupi zimachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba. Mbatata imene mwatchulayo inathandizidwa ndi zinthu ziwiri: inali yowiritsa, komanso inali ndi nyemba. Mbatata yomweyo ikaotchedwa pamakala mpaka kutuluka uchi imakweza msanga kuposa yowiritsa.

Pali funso limene simunalitchule koma ndikuliona kuti n'lalikulu: mumadikira nthawi yaitali bwanji pakati pa jakisoni ndi chakudya? Insulini yosakaniza ya 30/70 ili ndi gawo lofulumira, limene limayamba kugwira ntchito patatha pafupifupi mphindi 30, ndi gawo lochedwa limene limakhala maola ambiri. Mwana akabayidwa n'kumwa phala pomwepo pothamangira sukulu, shuga amafika m'magazi insulini isanadzuke. Komanso pa dongosolo la kawiri pa tsiku, chakudya cha masana sichikhala ndi jakisoni wakewake. Chimadalira gawo lochedwa la m'mawa, limene silingathe kulimbana ndi mitanda iwiri ikuluikulu yolowa nthawi imodzi. Ndikuganiza kuti 14 ndi 15 wanuyo akuchokera pamenepa. Kawirikawiri timafuna kuti asanadye akhale pakati pa 4 ndi 7, ndipo maola awiri atadya asapitirire 10. Tengani kope lija popita ku kiliniki ya shuga, akaone ngati pakufunika kusintha mlingo kapena dongosolo lonse. Musasinthe nokha, ndiponso musamuchotsere mwana nsima yonse, chifukwa akukula ndipo akufunika mphamvu.

Za thobwa, auzeni agogo mwaulemu kuti ntchito ya chimera ndiyo kuphwanya sitachi kukhala shuga mumphika momwemo, ndipo kutsekemera kumene amakumvako ndi shuga weniweni amene thupi silimusiyanitsa ndi wogula kugolosale.

Wophunzira wa ku Chirunga

Amayi, ine ndili ndi zaka 22 ndipo ndinayamba insulini ndili sitandade 7. Zonse zanenedwa n'zothandiza, koma ndikuopa kuti tikangolankhula za kutsitsa, mungaiwale ngozi ya mbali inayo. Mukachepetsa nsima koma mlingo wa insulini uli womwewo, shuga akhoza kutsika kwambiri, makamaka tsiku la masewera kusukulu. Akafika pansi pa 3.9, kapena mwana akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kulankhula zosokonekera, zakudya zofulumira zimene timazipewa zija ndizo zimapulumutsa. Amafunika magalamu 15 a shuga, amene ndi masipuni ang'onoang'ono pafupifupi 4 osungunula m'madzi, kapena theka la botolo la 300 ml la Coca-Cola wamba, osati wopanda shuga. Muyezenso pakatha mphindi 15, ndipo akakwera mumupatse chakudya chokhalitsa monga mbatata. Mtedza, mandasi ndi chokoleti n'zochedwa pa nthawi ngati imeneyo chifukwa cha mafuta ake. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu, thamangani naye ku chipatala cha Zomba Central. Aphunzitsi ake ayeneranso kudziwa zimenezi, ndipo m'chikwama mwake musamasowe kapaketi ka shuga.

Pa zipatso, nyengo ya mango ndiyo imandivuta ine. Bango limodzi laling'ono ndikangomaliza kudya silindisokoneza kwambiri, koma kukhala pansi pa mtengo ndi beseni n'kumangosenda ndi nkhani ina. Nthochi yakupsa kwambiri, ya mawangamawanga, imakweza msanga kuposa yongoyamba kupsa, ndipo madzi ofinya a chipatso amathamanga kuposa chipatso chodya chathunthu. Mapeyala sandikwezera pafupifupi n'komwe, ndipo masitiroberi a kuphiri la Zomba aja ali ndi shuga wochepa, ngakhale mtengo wake suli wa tsiku lililonse.

Mayi wa ku Chinamwali

Zikomo kwambiri nonse. Anamwino, mwandigwira pamene pali bala: ndimamubaya 6 koloko phala lili kale m'kapu, ndipo amamwa nthawi yomweyo. Kuyambira mawa ndizimubaya ndisanatereke mphika pamoto, kuti mphindi 30 zithe ndikuphika, ndipo ndiyamba kuthiramo nsinjiro. Tsiku lathu la kiliniki lili m'sabata ikubwerayi, ndipita ndi kope. Bambo a ku Domasi, chipande chanucho chimatulutsa mtanda waukulu bwanji poyerekeza ndi chibakera cha munthu wamkulu? Ndikufuna ndione ngati chathuchi sichikupitirira.