Kodi tilole zithunzi za MRI za amayi athu zilowe mu kafukufuku?

Ndikupempha nzeru kwa inu a pagulu lino, makamaka madokotala ndi amene mumajambula odwala m'zipatala. Amayi anga anayamba kumva mutu m'mawa uliwonse, kenako anagwa ngati a khunyu, ndipo atawajambula pa makina a MRI, madokotala anapeza chotupa kumanzere kwa ubongo. Asanawabaye mankhwala a gadolinium, othandiza kuti chotupa chioneke bwino pa chithunzi, anayamba awapima impso, ndipo pa chithunzi chimene anandionetsa chotupacho chikuoneka ngati mphete yoyera, pakati pake pakuda.

Tsopano ofufuza atipatsa fomu yopempha kuti zithunzizo azigwiritse ntchito pophunzitsa kompyuta kuzindikira malire a chotupa. Ndawerengako za BraTS, mpikisano wa mapulogalamu a kompyuta ozindikira malire a zotupa za mu ubongo, umene unayamba mu 2012, ndipo mu 2023 unalandira zithunzi za odwala a ku Africa, makamaka a ku Nigeria, chifukwa kompyuta yophunzitsidwa ndi zithunzi za ku Ulaya ndi America imasokonekera ikapatsidwa za makina athu. Mtima wanga ukufuna tithandize, pakuti odwala a kuno sayenera kusiyidwa m'mbuyo, koma amayi akuopa kuti akakana, madokotala adzawanyalanyaza. Kodi mantha awo ali ndi maziko? Nanga kompyutayo ingatiuze mtundu wa chotupa kuti asachitidwe opaleshoni?

Yankho loyamba: Pepani ndi matenda, ndipo amayi muwalimbitse mtima. Kukana kafukufuku sikuchepetsa chithandizo cha wodwala, ndipo fomuyo iyenera kunena zimenezi momveka. Onaninso ngati ikusonyeza chilolezo cha COMREC kapena NHSRC, makomiti amene amavomereza kafukufuku wa zaumoyo m'Malawi. Funsani ngati adzafufuta dzina ndi tsiku lobadwa, komanso nkhope, chifukwa chithunzi cha MRI cha mutu wonse chikhoza kuonetsa maonekedwe a munthu. Wosayina akhale amayiwo, atawawerengera zonse m'Chichewa.

Yankho lachiwiri: Pa funso lanu lomaliza ndikuchenjezeni, achimwene. Mphete yoyera imene mwaionayo siitanthauza khansa nthawi zonse. Kuno kwathu TB ya mu ubongo, chithupsa cha mafinya, mphutsi za nyongolotsi ya nkhumba ndi toxoplasmosis (matenda oyamba ndi tizilombo tolowa mu ubongo) mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika zimaonekanso choncho, ndipo zimenezi zili ndi mankhwala. Ngakhale chitakhala glioma, chotupa choyambira mu ubongo momwemo, ndondomeko ya 2021 ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO imafuna kuti kachidutswa ka chotupa kapimidwe ku labotale, kuphatikizapo kuona kusintha kwa jini (kachigawo ka chibadwa m'maselo) yotchedwa IDH, dokotala asanatsimikize mtundu wake. Choncho kompyutayo siingatsimikize yokha mtundu wa chotupa, ndipo kafukufukuyo adzathandiza odwala a m'tsogolo kuposa amayi anu. Ngati avomera, asayine, koma zimenezo zisachedwetse kukaonana ndi dokotala wa opaleshoni ya ubongo, ndipo popita mutenge CD ya zithunzi zonse, osati lipoti lokha.