Dzimbiri pa zitsulo zolimbitsira thupi: tiyambire pati?

Mmisiri wa ku Chinamwali:
Akuluakulu anzanga, ndalandira ntchito yokonza zitsulo zonyamula polimbitsa thupi, zomwe ndi mbale za cast iron (chitsulo choumbidwa m'chikombole) za makilogalamu 5 ndi 10 pamodzi ndi mtanda wake wokutidwa ndi chitsulo chonyezimira cha chrome. Mwini wake amazisunga pakhonde, pasimenti penipeni, ndipo chaka chatha anazipaka yekha penti wakuda pamwamba pa dzimbiri, moti tsopano pentiyo akusendeka ngati makungwa a bulugama. Ndimafuna kungozipala ndi galayinda n'kuzipakanso, koma ndikuopa kuti mvula ikayamba mu Novembala ntchitoyi idzandibwerera. Mungandilangize bwanji?

Wowotcherera wa ku Matawale:
Achimwene, poyamba pachikani mbale iliyonse pa waya n'kuigogoda ndi hamala. Yabwino imalira momveka, koma yokhala ndi mng'alu imangoti phu, ndipo yoteroyo musalole kuiwotcherera, chifukwa cast iron imavuta kulumikiza ndipo ikhoza kudzasweka munthu ali pansi pake. Zotsalazo muzipale ndi bulashi ya waya ya pagalayinda, osati disiki yodyera chitsulo, kenaka muziviike mu viniga usiku umodzi kuti dzimbiri la m'makona ndi m'manambala lifewe. Mukazivuula, muzitsuke m'madzi osungunuliramo soda kuti asidi athe mphamvu, ndipo muziumitse padzuwa nthawi yomweyo, pakuti chitsulo chongopalidwa kumene chimayambanso kufiira tsiku lomwelo.

Wopenta magalimoto wa ku Mpondabwino:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Matawale pa za mbalezo, koma mtandawo usayandikire viniga, chifukwa asidi amalowa pomwe chrome yakandika n'kuyamba kuifundula. Umenewo muutsuke ndi bulashi ya mkuwa kapena ya nayiloni ndi timafuta topepuka ta makina osokera, motsatira timizere ta pogwirira, pomwe thukuta limauma n'kusiya mchere. Mcherewo ndi umene umafulumizitsa dzimbiri ukakumana ndi chinyezi chathu cha kuno m'munsi mwa phiri la Zomba, chomwe sichitha ngakhale mvula itasiya, chifukwa cha chiperoni. Timizereto musatipake penti, chifukwa penti amatitseka ndipo mtanda umayamba kuterera m'manja.

Pa mbale, ngati chitsulo chakumbika timayenje, pakani mankhwala otchedwa rust converter. Muli asidi amene amasandutsa dzimbiri lotsalalo kukhala lakuda ndi lolimba. Ikauma, pukutani fumbi, pakani penti woyamba woteteza dzimbiri wa red oxide, kenaka penti wa enamel kawiri mopyapyala, osati kamodzi mokhuthala. Bowo la pakati mulitseke ndi pepala, apo ayi mbale idzakana kulowa ku mtanda, ndipo kasitomala adzaikakamiza mpaka penti kusupuka.

Mmisiri wa ku Chinamwali:
Zikomo kwambiri, akuluakulu. Mwini wake akuti mnzake anamuuza kuti azingozipaka oyilo wakutha wa galimoto. Kodi ndimuvomereze?

Wowotcherera wa ku Matawale:
Ayi, achimwene, mukanize ndithu. Oyilo ameneyo sauma, amamata fumbi, amatereretsa manja, komanso si wabwino pakhungu. Mumuuze kuti zitsulozo asazigwiritse ntchito kwa sabata yathunthu kuti enamel alimbe, kenaka azizisunga m'nyumba pa thabwa kapena pa mphira wa tayala lakale, chifukwa simenti imakoka chinyezi chapansi. Akamaliza kunyamula azipukuta mtandawo ndi nsalu youma. Ndipo polemba mtengo musaiwale viniga, popeza mbale ya makilogalamu 10 imafuna malita angapo kuti imire yonse m'beseni.