Glenda Jackson anasiyiranji mafilimu n'kukakhala phungu?

NaBanda, Leeds:
Abale ndithandizeni. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo agogo ena amene ndimawasamalira ali ndi matenda oiwalaiwala. Lamlungu tinaonera limodzi Elizabeth Is Missing, filimu ya BBC ya 2019. Mayi amene anasewera Maud, nkhalamba yoiwalaiwala yofunafuna mnzake wosowa, anandiliza. Timapepala todzikumbutsira tija, kupsa mtima kuja anthu akamawalankhula ngati mwana, ndi zimene ndimaona m'mawa uliwonse. Nditafufuza ndapeza kuti ndi Glenda Jackson, ndipo anakhala phungu zaka 23 osasewera filimu. Munthu waluso chonchi, kumeneku sikunali kutaya mphatso?

Bambo a Tadala, London:
Achemwali, yambani mwaona kumene mayiwa anachokera. Anabadwira ku Birkenhead mu 1936, bambo awo anali omanga nyumba, mayi awo ankagwira maganyu oyeretsa. Iwo eni anagulitsako m'sitolo ya mankhwala ya Boots asanapite kusukulu ya zisudzo ya RADA. Anapata mphoto ya mafilimu ya Oscar kawiri, pa Women in Love ndi A Touch of Class, koma ulendo wonse uwiri sanapite n'komwe kukalandira. Ulemu wa Hollywood sunkawakoka mtima. Chimene chinkawawawa ndi mmene boma la Margaret Thatcher linkachitira ndi anthu a kwawo. Ndiye mu 1992 anaima pa tikiti ya chipani cha Labour ku Hampstead and Highgate, dera la mu London, n'kupambana.

Mufufuze kanema wa mu April 2013. Thatcher atamwalira, aphungu anakumana kuti amuyamikire. Mayiwa anaimirira n'kukamba za anthu ogona m'makonde a masitolo ku London, za mabuku a kusukulu omatidwa ndi selotepi. A Conservative, chipani cha Thatcher, ankakuwa, iwo osatekeseka, ndipo sipikala John Bercow anati sanalakwe malamulo. Ine ndinauonera katatu.

Mayi a Chiko, Lilongwe:
Pepani bambo, ine ndili mbali ya NaBanda. Zaka 23 zonsezo anakolola chiyani? Udindo waukulu umene anafika ndi wa nduna yaing'ono ya zamtengatenga, 1997 mpaka 1999. Anafuna kuimira Labour pa umeya wa London, sizinatheke. Atayamba kudzudzula nduna yaikulu Tony Blair, mtsogoleri wa chipani chawo, pa nkhondo ya ku Iraq, ndiye basi anangokhala kumipando ya kumbuyo. Mu 2010 anapulumuka ndi mavoti 42 okha. Aphungu abwino alipo ambiri, koma wosewera Mfumukazi Elizabeth I ngati mmene anachitira mu sewero la pa TV la Elizabeth R mu 1971, mumupeza kuti? Zimandipweteka ndikaganiza mafilimu amene sitinawaone.

Bambo a Tadala, London:
Zoona mayi, sanafike patali m'boma. Koma mphatso sinafe. Atatuluka m'nyumba ya malamulo mu 2015, chaka chotsatira anasewera King Lear wa Shakespeare kunyumba ya zisudzo ya Old Vic ku London ali ndi zaka 80, gawo la mwamuna, lolemera kwambiri. Mu 2018 anapata mphoto ya zisudzo ya Tony ku New York. Ndipo phungu wa kuno amakhala pansi kumva madandaulo a anthu ake pamasom'pamaso. Ine ndimakhulupirira kuti Maud amene anakulizani uja anachokera m'nkhalamba zimene anakumana nazo mmenemo.

NaBanda, Leeds:
Zikomo nonse. Sindinadziwe kuti anamwalira mu June 2023, ali ndi zaka 87, zandikhudza. Agogo anga aja dzina la mwana wawo amaliiwala, koma filimu ili mkati analoza TV n'kunena kuti "Glenda". Mawa ndikawafunsa ngati akuikumbukira Elizabeth R, ndipo ndikaipeza tikaonera limodzi.