Ndithandizeni: kutalika kwa phiri la Aoraki ndi mapu a Southern Alps

Aphunzitsi anzanga, ndikukonzekera phunziro la jogalafe la mapiri a ku New Zealand, koma phiri la Aoraki, lomwe ambiri amalitchula kuti Mount Cook, landiimitsa mutu. Atlasi yakale imene tili nayo ikunena kuti ndi lalitali mamita 3,764. Mu Disembala 1991 miyala ndi madzi oundana zinagumuka pansonga pake, phirilo n'kutsika kufika pa mamita 3,754. Akatswiri a pa yunivesite ya Otago atakaliyezanso ndi GPS mu 2013 anapeza mamita 3,724, poti madzi oundana a pamwambapo anapitiriza kuperepeseka. Ndiye anawa ndiwapatse nambala iti? Mtima wanga uli pa 3,724, koma mukudziwa nokha kuti wochonga mayeso amatsatira buku.

Chinanso ndi mapu. Ndikufuna oonetsa mtandadza wa Southern Alps pa chilumba cha South Island. Mapu a Topo50 a LINZ, bungwe la boma la New Zealand loona za malo ndi mapu, a sikelo ya 1:50,000, amapezeka mwaulere pa intaneti, koma mapiriwo ndi otsetsereka kwambiri moti ndikawasindikiza pa pepala la A4 mizere ya makontuwa (yoonetsa kukwera kwa malo) imangothinana. Amene munayesapo, munkatani kuti ana aziiwerenga bwino?