Ndani akudziwa mbiri ya doko la Chiromo?

Abale anga, ndithandizeniko. Ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe, koma mchombo wanga uli ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Agogo anga aakazi tinawatenga chifukwa cha miyendo. Madzulo akakhala pamkeka pakhonde amayamba nkhani za sitima zapamadzi zomwe bambo awo ankakwezamo mabelo a thonje, koma zimangodukira panjira. Lero anena izi, mawa zina. Mwana wanga wayamba kuwajambula pafoni, ndiye ndikufuna tilumikize bwinobwino akadali ndi mphamvu.

Sitimazo zinkachokera ku doko la Chinde ku Mozambique, kudzera mu Zambezi n'kukwera Shire. Madzi atayamba kuchepa, zinkathera kumunsi ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa njanji wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935 katundu ankangopita pa njanji mpaka ku Beira. Za madzi a 1997 omwe anadula njira pakati pa Bangula ndi Chiromo musavutike nazo, ndinaona ndi maso anga, tikuwoloka pabwato njinga titanyamula.

Funso langa ndi ili: sitimazo zinkakocheza pati penipeni? Agogo amangoti “pamtengo waukulu paja”, ngati kuti mtengo ku Chiromo ndi umodzi! Alipo ali ndi zithunzi zakale, kapena amene makolo ake anagwirako ntchito padokopo? Komanso inu munafufuzapo zoterezi, ndiyambire ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala? Thiransipoti ndili nayo ya ulendo umodzi wokha.